Mwana Akuvutika Kuwerenga: Mmene Mungadziwire Ngati Vuto Lili M'maso, ndi Chochita Pambuyo Pake

Makolo ndi aphunzitsi amandifunsa funso limodzi lomwelo, kungoti aliyense amalifunsa mwa njira yake. Wina amati mwana wanga akamawerenga amadumpha mizere, kodi ndi maso? Wina wamva za masewera olimbitsa maso amene akuti amathetsa vuto la kuwerenga, ndiye akufuna kudziwa ngati alipire. Wina wauzidwa kuchipatala kuti azimata diso la mwana tsiku lililonse, koma mwanayo akangoona chigamba amayamba kugubuduka pansi. Ndayankha mpaka kukhosi kuuma, choncho yankho lonse ndalilemba pano motsatana, kuti musayambire kumapeto.

Gwirani mfundo imodzi tisanayambe. Ntchito ya maso ndi kufikitsa zilembo ku ubongo zili zooneka bwino. Kusandutsa zilembozo kukhala mawu ndi ntchito ya ubongo. Mwana akhoza kulephera pa gawo loyamba, pa gawo lachiwiri, kapena ponse pawiri, ndipo chithandizo cha gawo lina sichichiza gawo linalo. Ndalama ndi nthawi zambiri zimatayika chifukwa chosasiyanitsa zimenezi.

1. Onani kaye ngati pali chizindikiro chosafuna kudikira

Zambiri zimene ndilembe m'munsimu zimafuna kuleza mtima. Izi zokha ayi.

Kamwana ka m'diso, pakati pakuda paja, kakaoneka koyera kapena kotuwa, kaya mwaona ndi maso anu kaya pachithunzi chojambulidwa ndi fulashi, pitani kwa dokotala wa maso msanga. Ikhoza kukhala ng'ala yobadwa nayo, kapena khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma, imene imagwira makamaka ana osakwana zaka 5. Khansayi ikapezeka msanga imachizika, ikachedwa imapha. Ng'ala ya khanda nayonso imafuna opaleshoni mwanayo akadali ndi milungu yochepa, chifukwa ubongo ukakhala miyezi yoyambirira osalandira chithunzi choyera, suphunziranso kuona bwino ngakhale ng'alayo itachotsedwa pambuyo pake.

Maso a khanda amatha kusochera apo ndi apo mpaka miyezi 4. Diso likamapenya kumbali nthawi zonse, kapena likapitiriza kusochera miyeziyo itadutsa, musamvere amene akuti lidzawongoka lokha. Likapotoka mwadzidzidzi kwa mwana wamkulu, makamaka limodzi ndi mutu, kusanza kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, pitani tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso diso lovulala, diso lofiira lopweteka limene likuopa kuwala, mafinya ndi kutupa kwa zikope kwa khanda la m'mwezi woyamba, ndiponso mwana amene wayamba kupunthwa kukangoda, makamaka atadwala chikuku, chifukwa chimenecho chimatha kusonyeza kuperewera kwa vitamini A.

Musadonthezere m'diso la mwana chilichonse chimene dokotala sanakulembereni. Mankhwala odontheza a gulu la steroid amathetsa kuyabwa ndi kufiira mwachangu, n'chifukwa chake anthu amawakonda, koma akagwiritsidwa ntchito kwa nthawi yaitali popanda wopima amakweza mphamvu ya madzi m'diso n'kuwononga mtsempha woonera, ndiponso amayambitsa ng'ala.

2. Muyang'anitsitseni kwa milungu iwiri, ndipo muzilemba

Mwana amene wakhala akuona mwachimbuuzi chibadwire sadandaula, chifukwa amayesa kuti aliyense amaona choncho. Kumufunsa kuti "ukuona bwino?" n'kosathandiza, adzavomera basi. Muyenera kuona nokha.

Amene saona patali amatsinzina pang'ono akamayang'ana pabolodi, amayandikira TV, ndipo amakopera m'kope la mnzake. Aphunzitsi ena amamulanga poganiza kuti akubera, pamene iye akungofuna kudziwa zalembedwa kutsogoloko. Amene akuvutika pafupi amadandaula mutu akawerenga, amatikita maso, amatseka diso limodzi ndi dzanja, amapendeketsa mutu, kapena amanena kuti zilembo zikuyenda kapena zikuoneka ziwiriziwiri.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandithandiza kwambiri kusiyanitsa. Choyamba ndi nthawi imene vuto limayamba. Mwana amene amayamba kuwerenga bwinobwino, kenaka pakatha mphindi 10 kapena 15 n'kuyamba kutaya mzere ndi kudandaula, kawirikawiri maso ake ndiwo akutopa. Amene amakakamira pa liwu loyamba lenileni, ngakhale m'mawa atapuma, vuto lake mwina si maso. Chachiwiri: lembani liwu limodzi lokha ndi zilembo zikuluzikulu papepala loyera. Akaliwerenga mosavuta koma n'kulephera liwu lomwelo m'buku la zilembo zing'onozing'ono, ganizirani maso. Akalephera ponse pawiri mofanana, kukulitsa zilembo sikunamuthandize, ndipo magalasi okha sadzamuthandiza.

Kusokoneza b ndi d, kapena kulemba chilembo chotembenuka, n'kofala mwa ana ongoyamba kulemba mpaka cha m'ma zaka 7. Sikutanthauza kuti diso likuona mozondoka.

3. Yesani diso limodzi pa nthawi

Ili ndi gawo limene anthu ambiri amalidumpha, chonsecho ndi losavuta. Maso onse awiri akakhala otsegula, diso labwino limabisa lofooka, moti mwana akhoza kukhala zaka zambiri akuonera diso limodzi popanda wodziwa.

Imikani mwana pa mtunda wa mamita 3 kuchokera pa kalendala kapena pepala la zithunzi. Tsekani diso limodzi ndi kapepala kolimba, osalikanikiza, ndipo onetsetsani kuti sakusuzumira m'mbali, chifukwa ana ndi akatswiri pa zimenezo. Aloze kapena atchule zimene akuona, kenaka sinthani diso. Kwa kamwana kosayankhula, onani khalidwe lake: kakamalola kuti mutseke diso lina koma n'kulimbana nanu mukatseka linalo, ndiye kuti mwina mwatseka diso limene kamadalira.

Kwa mwana wa kusukulu, gwirani pensulo patsogolo pa mphuno yake, dzanja litatambasuka, muziibweretsa pang'onopang'ono iye akuyang'ana nsonga yake. Maso onse ayenera kulowera m'kati mofanana mpaka pensulo itatsala pang'ono kufika pamphuno. Akanena kuti yasanduka ziwiri ikadali pa masentimita 10 kapena kupitirira, kapena mukaona diso limodzi likuthawira kunja, lembani zimenezo. Zidzafunika pa gawo 7.

Kuyesa kumeneku sikulowa m'malo mwa chipatala. Mukapeza vuto, pitani. Mukapanda kupeza vuto koma zizindikiro za pa gawo 2 zilipo, pitanibe.

4. Kapimitseni mokwanira, ndi mankhwala odontheza

Ogwira ntchito ya maso alipo a mitundu ingapo. Ophthalmologist ndi dokotala amene amachiza matenda a maso ndi kuchita opaleshoni. Optometrist amapima kaonedwe ndi kulemba mphamvu ya magalasi. Orthoptist amaona za kuwongoka kwa maso ndi mmene amagwirira ntchito limodzi. Aliyense amene mungapite kwa iye, mufunseni ngati amapima ana.

Kupima kwa kusukulu, kumene mwana amawerenga tchati cha zilembo zopita zichepa, n'kothandiza koma kumangoyesa kuona patali. Tchaticho anachipanga ndi dokotala wa ku Netherlands, Herman Snellen, mu 1862. Mukaona papepala palembedwa 6/6, ndiye kuti mwana akuona pa mamita 6 zimene diso labwino limaona pa mamita 6. Pakalembedwa 6/12, akuyenera kufika pa mamita 6 kuti aone chimene mnzake amaona ali pa mamita 12. Kumene amayeza ndi mafiti amalemba 20/20 ndi 20/40, koma n'chimodzimodzi.

Vuto ndi lakuti mwana akhoza kupeza 6/6 maso ake ali pa ntchito yakalavulagaga. M'kati mwa diso muli kagalasi kofewa kamene kamnofu kena kamakafinya kuti tione pafupi. Kwa ana kamnofuka n'kamphamvu kwambiri, moti mwana amene diso lake ndi lalifupi, vuto lotchedwa hyperopia, amatha kukakamiza chithunzi kuti chiyere. Zili ngati munthu wonyamula ndowa ya madzi mkono utatambasuka: kwa mphindi imodzi akwanitsa, kwa ola lathunthu sangathe. Pa tchati amapambana, m'kalasi amatopa. Kafukufuku wa ku United States wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti ana a zaka 4 ndi 5 amene anali ndi hyperopia ya +4.00 kapena kupitirira pa muyeso wa mphamvu ya magalasi, opanda magalasi, ankatsalira pa mayeso a luso loyambira kuwerenga.

N'chifukwa chake pamafunika mankhwala odontheza, kawirikawiri cyclopentolate, amene amapumitsa kamnofu kaja kuti wopima aone mphamvu yeniyeni ya diso. Amaluma pang'ono kwa masekondi ochepa, mumadikira mphindi 30 mpaka 40, ndipo mwana amaona mwachimbuuzi pafupi ndi kuopa kuwala mpaka tsiku lotsatira. Musamutengere kokapimitsa mawa lake ali ndi mayeso. Mwana wamng'ono akalemberedwa magalasi pongoyang'ana m'makina popanda mankhwalawa, funsani chifukwa chake, popeza makina amatha kusonyeza kuti mwana saona patali pamene kamnofu kangokhala kolimba.

Pepala la magalasi musaliope. Nambala yokhala ndi chizindikiro chochotsera, monga -2.00, ndi myopia, kusaona patali. Yokhala ndi chophatikiza ndi hyperopia ija, ndipo pang'ono pokha n'chibadwa mwa ana aang'ono, sipafuna magalasi. Pamene palembedwa CYL ndi astigmatism, kutanthauza kuti kutsogolo kwa diso sikunaburungike mofanana mbali zonse. Yang'anani kwambiri kusiyana kwa diso lamanja ndi lamanzere: kukakhala kwakukulu, ubongo umasankha diso limodzi n'kunyalanyaza linalo.

Musatuluke musanapemphe zinthu zitatu: ayese diso lililonse palokha, ayese mmene maso amagwirira limodzi poyang'ana pafupi, ndipo ayang'ane kumbuyo kwa diso. Kwa mnyamata, pemphaninso ayese ngati amasiyanitsa mitundu, chifukwa kusokoneza zofiira ndi zobiriwira kumagwira anyamata kuposa atsikana. Kulibe mankhwala ake, koma mphunzitsi akadziwa amasiya kumudzudzula pa mapu ndi matchati.

5. Magalasi akalembedwa, avalidwe

Magalasi safooketsa maso. Chimene chimachitika n'chakuti mwana akazolowera kuona bwino, akawavula amazindikira chimbuuzi chimene poyamba ankachiyesa chibadwa. Ndiponso myopia imakula mwana akamakula, kaya avale magalasi kaya asavale, ndiye anthu amanamizira magalasiwo.

M'masukulu a kumidzi ya kumadzulo kwa China munachitika kafukufuku wofalitsidwa mu 2014, amene anasonyeza kuti kupatsa ana magalasi aulere kunakweza zotsatira zawo za masamu. Koma ofufuza atapita m'makalasi mosadziwitsa, anapeza kuti ana ovala magalasiwo sanakwane theka. Apa ndi pamene pali nkhondo yeniyeni. Lolani mwana asankhe yekha felemu. Onetsetsani kuti maso ake ali pakati pa galasi lililonse ndipo felemu sikutsetsereka pamphuno, apo ayi aziyang'anira pamwamba. Pemphani magalasi a pulasitiki yosasweka msanga yotchedwa polycarbonate. Musamupatse magalasi a mkulu wake kapena ogula osapimitsa. Kambiranani ndi mphunzitsi za ana omuseka tsiku loyamba lisanafike.

Mwana wa hyperopia akhoza kunena m'masiku oyamba kuti magalasi akumusokoneza, chifukwa kamnofu kaja sikanaphunzire kumasuka. Limbikirani kwa milungu ingapo. Akapitirizabe kukana, bwererani akaone ngati magalasiwo anapangidwa molondola.

6. Kumata diso: gawo lovuta kuposa onse

Ana 2 kapena 3 pa ana 100 alionse ali ndi amblyopia. Diso lenilenilo likhoza kukhala lopanda nthenda, koma ubongo sunaphunzire kuligwiritsa ntchito, chifukwa linkapenya kumbali, linkatumiza chithunzi chosaoneka bwino, kapena linatsekedwa ndi ng'ala kapena chikope chogwa. David Hubel ndi Torsten Wiesel anasonyeza zimenezi m'zaka za m'ma 1960 pa ana a mphaka: diso lotsekedwa m'milungu yoyambirira linkataya malo ake mu ubongo, pamene kutseka diso la mphaka wamkulu sikunkachita zimenezo. Analandira mphoto ya Nobel mu 1981. Kwa ana a anthu, chithandizo chimagwira bwino kwambiri asanafike zaka 7. Chimathandizabe ana okulirapo, makamaka amene sanalandirepo chithandizo, koma pang'onopang'ono.

Kawirikawiri dokotala amayamba ndi magalasi okha kwa miyezi pafupifupi 4, chifukwa ana ambiri amawongokera pomwepo. Kusiyana kukatsalabe, pamabwera chigamba.

Chigamba chimamatidwa pa diso labwino. Bwerezani kuwerenga chiganizo chimenecho, chifukwa makolo ena amafika kunyumba n'kumata diso lofooka poganiza kuti lodwala ndilo lofuna kuphimbidwa. Musanachoke kwa dokotala, muuzeni alembe papepala kuti ndi diso liti, maola angati pa tsiku, ndipo mubwerere liti.

Kale ana ankamatidwa pafupifupi tsiku lonse. Gulu la ofufuza la ku United States lotchedwa PEDIG linasonyeza mu 2003 kuti pa amblyopia yapakatikati, maola 2 pa tsiku amapindulitsa mofanana ndi maola 6. Ikakhala yaikulu, kawirikawiri amalemba maola 6. Musawonjezere maola mwa nokha pofuna kufulumiza, chifukwa kwa mwana wamng'ono diso labwino likatsekedwa mopitirira nalonso limayamba kufooka.

Tsopano mvetsani chifukwa chimene mwana amalirira. Mwamulanda diso limene amaonera, n'kumusiya ndi lachimbuuzi. Sakuona bwino nkhope yanu, sakuona zidole zake. Si mwano. Masiku oyamba ndiwo owawa kwambiri, ndipo diso likayamba kudzuka kulimbana kumachepa. Amene amagonja ambiri amagonja m'mlungu woyamba, phindu lisanayambe kuoneka.

Sankhani nthawi imene mwana wapuma ndiponso wakhuta, nthawi yomweyo tsiku lililonse, kuti chikhale chizolowezi osati nkhani yokambirana mwatsopano. Mukangomata, musamusiye yekha. Mphindi 15 zoyamba khalani naye, manja ake ali ndi chochita: kujambula, kupaka mitundu, kusanja timiyala, kufunafuna chinthu pachithunzi. Yambani ndi zinthu zikuluzikulu zimene diso lofookalo lingakwanitse. Ngati pali nthawi imene amaonera makatuni kapena kusewera pafoni, ikhale nthawi ya chigamba, ndipo chikachoka, nazonso zizimitsidwe. Mwana wosadziwa nthawi muuzeni za chinthu chimene angachione, monga muvi wa wotchi ukafika apa kapena belu la foni likalira. Akachichotsa, musakalipe; matani china mwakachetechete n'kupitiriza. Akaphunzira kuti kuchichotsa kumathetsa nkhani, mwaluza. Pakhoma ikani kalendala imene iye mwini azichongapo tsiku lililonse. Musagwiritse ntchito chigamba ngati chilango, ndipo akulu onse a pakhomo agwirizane, chifukwa pakangopezeka mmodzi womvera chisoni n'kumachichotsa mobisa, ntchito yonse yagwa.

Chigamba chabwino ndi chomata pakhungu, magalasi n'kuvalidwa pamwamba pake. Chansalu chovekedwa pa galasi chimagwira ntchito pokhapokha chikatseka ndi m'mbali momwe, apo ayi mwana amangopendeketsa mutu n'kusuzumira. Khungu likayamba kufiira, nyowetsani chigamba ndi madzi ofunda musanachichotse, chichotseni pang'onopang'ono, ndipo muzisintha pang'ono malo omata. Ali ndi chigamba asakwere njinga, asakwere m'mitengo, asawoloke msewu yekha. Za kumata kusukulu kapena kunyumba, ine ndimakonda kunyumba ngati maola ndi ochepa, chifukwa mwana wosaona bwino pabolodi amene anzake akumusekanso amadana ndi chigamba ndi sukulu yomwe.

Zikakanika ndithu, pali njira ina. Dontho la atropine m'diso labwino limachititsa kuti lisaone bwino pafupi, motero ubongo umakakamizika kugwiritsa ntchito linalo. Gulu la PEDIG lomwe lija linapeza mu 2002 kuti pa amblyopia yapakatikati njirayi imapindulitsa mofanana ndi chigamba, ndipo mwana sangaichotse. Koma atropine ndi poizoni akamwedwa: sungani botolo pamene mwana sangafike, sambani m'manja mukadontheza, mutetezeni ku dzuwa ndi chipewa, ndipo akatentha thupi, nkhope kufiira kapena kusokonezeka, lekani n'kupita naye kuchipatala.

Pobwerera kwa dokotala, nenani zoona. Ngati munamata masiku atatu okha pa mlungu, nenani choncho. Mukanama kuti munatsatira zonse, dokotala adzaganiza kuti chithandizo chalephera n'kusintha njira imene ikanagwira. Diso likafika pabwino, musasiye mwadzidzidzi mwa nokha. Pafupifupi mwana mmodzi pa ana 4 alionse amabwerera m'mbuyo m'chaka choyamba atasiya, n'chifukwa chake maola amachepetsedwa pang'onopang'ono ndipo kupimitsa kumapitirira. Dziwaninso kuti opaleshoni yowongola diso lopenya kumbali imakonza malo a diso, koma siphunzitsa ubongo kuona nalo, chigamba chimafunikabe.

Wina adzakufunsani kuti mukumuzunziranji mwana poti diso linalo likuona. Yankho ndi lakuti adzakhala ndi maso amenewa moyo wake wonse, ndipo diso labwinolo likadzavulala kapena kudwala ali wamkulu, lotsalalo lidzakhala pa mlingo umene munalisiyira ali mwana.

7. Vision therapy: imathandiza pati, ndipo sithandiza pati

Dzinali limaphimba zinthu zambiri, zina zotsimikizika, zina ayi. Kwenikweni ndi zochita zobwerezabwereza zophunzitsa maso kugwira ntchito limodzi, pogwiritsa ntchito magalasi apadera, makadi, kompyuta, kapena chingwe chokhala ndi mikanda chimene mwana amagwira pamphuno n'kumayang'ana mkanda umodzi pa nthawi.

Pamene pali umboni wolimba ndi pa vuto lotchedwa convergence insufficiency, pamene maso amalephera kulowera m'kati mokwanira poyang'ana pafupi. Ndi mwana uja wa pensulo yosanduka ziwiri. Kafukufuku wotchedwa CITT, wofalitsidwa mu 2008, anatenga ana 221 a zaka 9 mpaka 17. Patatha milungu 12, mwa ana amene ankachita zimenezi kuchipatala mlungu uliwonse ndi kubwereza kunyumba, 73 pa 100 alionse anachira kapena kupezako bwino. Mwa ongoyeserera ndi pensulo kunyumba anali 43 pa 100, ndipo mwa olandira chithandizo chongoyerekezera anali 35. Ndiye pa mutu, kutopa kwa maso ndi kuona ziwiriziwiri kochokera ku vuto limeneli, njirayi imagwira.

Ofufuza omwewo anafunsanso funso limene makolo amalifuna kwambiri: kodi kuwerenga kumapita patsogolo? Zotsatira za mu 2019, za ana a zaka 9 mpaka 14 amene anathandizidwa kwa milungu 16, zinasonyeza kuti maso awo anayamba kugwira bwino limodzi, koma pa mayeso a kuwerenga sanapose anzawo a chithandizo chongoyerekezera. Mabungwe a madokotala a ana ndi a maso a ku United States, kuphatikizapo American Academy of Pediatrics ndi American Academy of Ophthalmology, ananena kale mu 2009 kuti masewera a maso ndi magalasi a mitundu sizichiza dyslexia, vuto la kuwerenga lochokera mu ubongo limene ndifotokoze pa gawo 8. Masewera a maso sachotsanso myopia, ndipo salowa m'malo mwa magalasi.

Choncho wina akakuuzani kuti mwana wanu akufunika vision therapy, mufunseni dzina la vuto limene wapeza ndi nambala zimene wayeza. Mufunseni kuti nambalazo zikuyenera kufika pati, m'milungu ingati, ndiponso kuti adzasiya liti zikapanda kusintha. Mufunseni ngati mwana anapimidwa ndi mankhwala odontheza, chifukwa kuphunzitsa maso amene akungofuna magalasi n'kutaya nthawi. Amene akulonjeza kuti njira imodzi ithetsa kuwerenga movutikira, kusakhazikika m'kalasi ndi khalidwe lomwe, n'kufuna kuti mulipiriretu miyezi yambiri, ine sindingamukhulupirire.

8. Maso ali bwino, koma kuwerenga kukuvutabe

Musapitirize kusakasaka wopima maso wachitatu ndi wachinayi. Kapimitseni makutu, chifukwa mwana amene samva bwino amavutika kulumikiza chilembo ndi kamvekedwe kake. Kenaka yesani popanda pepala: atchule kamvekedwe koyamba kamene akumva m'dzina lake, aduledule liwu m'maphatikizo, achotse phatikizo loyamba n'kunena chotsala. Mwana amene amamvetsa bwino nkhani mukamuwerengera mokweza koma amalephera zimenezi akhoza kukhala ndi dyslexia, imene gwero lake ndi mmene ubongo umagawira mamvekedwe a mawu. Maso a mwana wotere amabwererabwerera pa mzere chifukwa liwu silinamveke, osati chifukwa maso asochera.

Chimene chimamuthandiza ndi kuphunzitsidwa mwadongosolo, chilembo ndi kamvekedwe kake, pang'onopang'ono, kawirikawiri, ndi munthu woleza mtima. Pemphani sukulu imuyese, ndipo yambani msanga. Miyezi yothera pa chithandizo cholakwika ndi miyezi imene anzake akupita patsogolo. Onaninso ngati akugona mokwanira ndiponso ngati sakujomba kawirikawiri.

9. Mutulutseni panja, ndipo muzibwerera kokapimitsa

Myopia ikuchuluka padziko lonse, makamaka kum'mawa kwa Asia, ndipo chinthu chotsimikizika kwambiri chimene chimachedwetsa kuyamba kwake ndi kukhala panja masana. Mu mzinda wa Guangzhou ku China, masukulu ena anawonjezera mphindi 40 za panja tsiku lililonse. Patatha zaka 3, ana pafupifupi 30 pa 100 anayamba myopia, poyerekeza ndi pafupifupi 40 pa 100 m'masukulu enawo. Ku Taiwan boma linayamba mu 2010 kulimbikitsa masukulu kuti ana azikhala panja mphindi 120 pa tsiku. Chofunika ndi kuwala kwa panja, osati kuthamanga. Ngakhale pamthunzi wa mtengo pamawala kuposa m'chipinda.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti ana osakwana zaka 2 asamakhale pa sikirini ya TV kapena foni, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Mwana wokulirapo akamawerenga, buku kapena foni ikhale pa masentimita 30 kapena kupitirira, pamalo owala bwino, ndipo aziyang'ana patali kwa kanthawi pakatha mphindi 20 zilizonse. Ngati nambala ya myopia ikukwera chaka ndi chaka, funsani dokotala za njira zochedwetsa, monga atropine wochepa mphamvu kwambiri kapena magalasi opangidwira zimenezo.

Mwana aliyense ayesedwe diso lililonse palokha kamodzi pakati pa zaka 3 ndi 5, ngakhale palibe chodandaulitsa. Wobadwa masiku asanakwane, kapena wa m'banja limene muli amblyopia, diso lopenya kumbali kapena magalasi amphamvu kuyambira ubwana, apimidwe msanga kuposa pamenepo. Wovala magalasi abwerere chaka chilichonse, ndipo wa chigamba pa tsiku limene dokotala walemba, kawirikawiri pakatha milungu 6 mpaka 12. Popita, tengani magalasi akale ngakhale atasweka, mapepala onse a m'mbuyomu, ndi zolemba zanu za pa gawo 2.